Chifu cha Shamima

Hidaya ankaphika mu lesitilanti ya Abiti Jaffalie, kuseri kwa msika wa Mangochi, ndipo madalaivala a minibasi ankadziwa mpunga wake. Akaphika wina, ankazindikira pa supuni yoyamba n'kufunsa ngati Hidaya wadwala. Mwamuna wake, Che Bakali, ankapalasa kabaza pakati pa mlatho wa pa Shire ndi msika. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Shamima, wa zaka zisanu, amene anabadwa iwo atakhala zaka zinayi m'banja popanda mphatso.

Matenda a Shamima anayamba m'dzinja. Anatsegula m'mimba masiku anayi, monga anachitira ana ambiri a m'dera lawo mwezi umenewo. Anzake anachira n'kubwerera kokasewera. Iyenso kutsegulako kunaleka, koma kudya sikunabwerere. Akadya mbamu ziwiri ankati wakhuta, mimba n'kufufuma, n'kuyamba kugeya mpweya wowawasa. Pofika madzulo ankasanza. Chimene chinamuopsa Hidaya si kusanzako, koma zimene ankaona m'besenimo. Munkakhala chakudya cham'mawa, nthawi zina chadzulo, chili chathunthu: njere za mpunga, makoko a tomato, nyemba zosaphwanyika. Iye anali wophika, ndipo ankadziwa chimene anaphika tsiku lililonse.

Kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo anamuyeza malungo koma sanawapeze. Anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Atabweranso anamupatsa ena a njoka omwewo. Mwezi wachitatu, pa tsiku la sikelo, kalamba koyezera mkono kanafika pofiira, ndipo mlangizi wa zaumoyo anamulemba Shamima m'gulu la ana onyentchera n'kuwapatsa mapaketi a chiponde. Mwanayo anachikonda chipondecho chifukwa chinali chotsekemera, koma chinkamukhala m'mimba ngati dongo. Ankachisanza patapita maola ambiri, mafuta ali yandeyande pamwamba.

Patatha masabata awiri sikelo inatsikanso. Mlangiziyo anayang'ana buku, anayang'ana mayi wake wa mwanayo, kenaka anafunsa pamaso pa amayi onse amene anali pamzere ngati chipondecho chikudyedwa ndi mwana kapena chikugulitsidwa. Anati amadziwa makolo ena amene amapaka chiponde pa buledi wa bambo. Hidaya anayankha kuti mwanayo akusanza. Mlangiziyo anati onse amatero. Kumbuyo kwa mzere kunamveka mawu a mayi wina akuuza mnzake kuti ameneyu ndi uja amanenepetsa madalaivala kumsika, ndipo mnzakeyo anaseka chapansipansi.

Tsiku lotsatira Hidaya sanapite kuntchito. Shamima atasanza m'mawa, iye anawola masanziwo n'kuwathira m'kachitini kokhala ndi chivindikiro, anamubereka mwanayo ngakhale miyendo yake inkafika m'mawondo mwa mayi wake, n'kupita kuchipatala chachikulu. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa litapendeka. Atalowa anapeza dokotala wa ana, mayi wamfupi wovala magalasi, dzina lake a Lusiya. Asanafunsidwe kanthu anatsegula kachitini kaja n'kukaika patebulo. Namwino amene anali pomwepo anatseka mphuno, koma a Lusiya anaweramira pafupi.

“Izi ndi nyemba, adokotala,” anatero Hidaya. “Nyemba ndinaphika dzulo masana. Kuyambira pamenepo sanadyenso kanthu.”

A Lusiya anawagoneka masiku atatu. Anamuyeza mwanayo magazi ndi shuga. Anamumwetsa madzi oyera ngati choko n'kumujambula kangapo kuti aone ngati pali chotsekereza m'njira ya chakudya, koma panalibe. Madzi oyerawo anangokhala m'chifu, osapita patsogolo, ngakhale pa chithunzi chomaliza. Pa tsiku lachitatu dokotalayo anamufotokozera Hidaya kuti chifu cha munthu chimafinya chakudya n'kumachikankhira m'matumbo pang'onopang'ono, koma cha Shamima chinafooka, mwina chifukwa cha matenda otsegula m'mimba aja. Chakudya chikalowa chimangokhala, mpaka thupi lichibweze. Anati mafuta ndi zakudya zolimba ndiye zimachedwa kwambiri, n'chifukwa chake chiponde chinkamuzunza. Hidaya analira pamenepo, osati chifukwa cha matendawo, koma chifukwa panapezeka munthu womukhulupirira.

Anamulangiza kuti azimupatsa phala lamadzimadzi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo anamupatsa botolo la mankhwala amadzi otchedwa metokulopamaidi. Anamupatsanso jekeseni wopanda singano woyezera, n'kulemba mzere ndi cholembera chofiira pamene mankhwala ayenera kulekezera. Anati awa ndi oyesera masiku ochepa okha, katatu pa tsiku asanadye, ndipo asapyole mzerewo ngakhale pang'ono. Anabwereza kawiri kuti akadzaona khosi la mwana likuuma kapena maso akutembenukira m'mwamba, adzathamange naye kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa pali jekeseni amene amamasula zimenezo msanga. Che Bakali sanamve nawo malangizowa. Anali kumsewu.

Mankhwalawo anagwira. Tsiku loyamba Shamima anamwa phala kanayi osasanza. Tsiku lachiwiri anapempha nthochi. Tsiku lachitatu Hidaya anamupeza pakhonde akuyalika tizitini take tosewerera, akuphikira chidole mchenga. Anaima pakhomo n'kumamuyang'ana mpaka phala linapserera pambaula.

Tsiku lachinayi linali la Idi, chikondwerero cha Asilamu. Che Bakali anali atamugulira mwanayo diresi yobiriwira, imene inakhwepa m'mapewa moti anachita kuimanga ndi pini. Pabwalo la nyumba zawo za lendi amayi anasonkha mapoto, ndipo mpunga wa nyama ya mbuzi anaphika ndi Hidaya yemwe, popeza panalibe wina akanayerekeza iye alipo. Shamima anakhala pafupi ndi moto kuyambira m'mawa. Sanalire, anangofunsa ngati lero nayenso adye pamphasa ndi anzake, kapena amwanso phala m'nyumba.

Hidaya analowa m'nyumba n'kutenga botolo. Anaganiza kuti ngati mzere umodzi ukukankha phala, mizere iwiri ikankha mpunga. Anali atamumwetsa kale m'mawa. Anakoka mankhwala mpaka pamzere wofiira, anamumwetsa, anakokanso, anamumwetsanso. Chakudya chitapsa anaona mafuta akunyezimira pampungapo, anakumbukira kuti mafuta amachedwa m'chifu, ndipo anabwereranso m'nyumba n'kuwonjezera kachitatu. Palibe amene anamuona.

Shamima anadya pamphasa ndi anzake. Anadya mpunga wodzaza dzanja kanayi ndi kanthuli ka nyama, amayi a pabwalopo n'kumati Alhamdulillah, mwana wachira. Nthawi ya swala, pemphero la masana, itadutsa, ana akuthamangitsana kuseri kwa nyumba, mmodzi anabwera kudzanena kuti Shamima akuyang'ana kumwamba ndipo sakufuna kuyang'ana pansi.

Anamupeza ataima pafupi ndi mpanda, khosi litapindikira kumbuyo ndi kumbali, maso atakwera moti kunkaoneka koyera kokha. Nsagwada zinali zitauma, lilime lili panja. Sanakomoke. Ankamva zonse, misozi ikutsikira m'makutu, dzanja likufufuza chitenje cha mayi wake. Ankayesa kunena kuti amama koma kunkangotuluka mkokomo.

Bwalo lonse linasonkhana. Ena anati ndi matenda akugwa, ena anati ndi majini, poti mwana wadya pagulu anthu akumuyang'ana. Hidaya ankadziwa chimene chinali. Mawu a dokotala ankamveka m'mutu mwake bwinobwino, ndi za jekeseni womasula uja. Koma ankadziwanso kuti akapita kuchipatala adzafunsidwa botolo, ndipo botololo lidzaonetsa lokha kuti mankhwala atsika kuposa masiku ake. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, anaona nkhope ya mwamuna wake, n'kutsekanso. Che Bakali anamunyamula mwanayo n'kuthamangira naye kwa Shehe Uladi, pafupi ndi mzikiti, Hidaya akutsatira pambuyo opanda nsapato.

Shehe anamugoneka mwanayo pamkeka n'kumuwerengera duwa, pemphero la Chisilamu, nthawi yaitali, dzanja lili pamphumi pake. Atamaliza anawauza kuti mwanayu nzeru zake zili bwinobwino, ndipo ngati ali pa mankhwala a kuchipatala ndi bwino apite naye komweko akamuone. Che Bakali anavomera ndi mutu, koma sanadzuke. Anakhala pamenepo maola anayi. Dzuwa likulowa khosi linayamba kufewa lokha, maso anatsika, ndipo Shamima anasanza mpunga wonse pa diresi yake yobiriwira n'kugona tulo.

Atafika kunyumba Che Bakali anatenga botolo lija pawindo. Sanayang'ane kuchuluka kwa zotsalamo. Anati mwana wake wasanza miyezi inayi koma khosi silinapindikepo mpaka tsiku limene botolo ili linalowa m'nyumba. Anati madokotala amayesera mankhwala pa ana a anthu osauka. Anakalitaya m'chimbudzi, ndipo atabwerako ananena kuti Shamima sadzapondanso pakhomo pa mayi wa magalasi uja iye ali moyo. Hidaya anali akuchapa diresi ija m'beseni. Sanadzutse mutu.

Kusanza kunabwerera tsiku lachiwiri, ndipo kunabwera ndi ukali. Hidaya anayesa zonse zimene anauzidwa. Ankasefa phala pa kansalu kuti lisakhale ndi nseche, n'kumamupatsa masupuni atatu, kudikira, kenaka atatu ena. Anayesa madzi a mpunga, msuzi wa usipa wopanda mafuta, papaya wopota. Anayamba kupita naye kuntchito n'kumamugoneka m'chipinda chosungira katundu, pakati pa matumba a mpunga, kuti azimumwetsa pafupipafupi. Koma fungo la mafuta okazingira chambo linkamuutsira mseru, ndipo makasitomala ankamva mwana akudzikakamiza kusanza kuseri kwa chitseko. Abiti Jaffalie anapirira sabata imodzi. Kenaka anamuitanira pambali n'kumuuza mofatsa kuti akhale kaye kunyumba asamale mwana, malo ake adzawapeza.

Che Bakali naye sanakhale chete. Anabweretsa madzi owerengeredwa duwa, anabweretsa uchi ndi habasoda, tinjere takuda ta mankhwala, anapalasa mpaka ku Nkhudzi kukatenga mizu kwa munthu wina amene anzake a kabaza anamutchula. Chilichonse chinkalowa n'kubwerera. Akaweruka ankakhala pamphepete pa mphasa n'kumasisita timiyendo ta mwanayo, akumuuza za njinga yaing'ono imene adzamugulire akachira. Nthawi zina ankatembenukira kwa mkazi wake n'kunena kuti mwayi wake anazindikira msanga, akanapitiriza mankhwala aja bwenzi ataika maliro. Hidaya ankati inde.

Kangapo konse anakonza mawu oti anene. Ankawayeseza potunga madzi, posefa phala. Ankati anena mwamunayo akadya, kenaka ankati anena mawa. Sankaopa kumenyedwa, poti Che Bakali sanamukwezerepo dzanja. Ankaopa kuti munthu yekhayo amene sanamukayikirepo pa nthawi ya chiponde ija adzamuyang'ana monga anamuyang'anira mlangizi uja.

Sabata yachitatu Shamima analeka kuyenda. Tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka. Akakhala pansi mafupa ankamupweteka, moti ankangogona chammbali. Lachiwiri m'mawa Hidaya anazindikira kuti mwanayo sanakodze kuyambira dzulo lake. Anamutsina khungu la pamimba ndipo linangoima osabwerera. Anamuikira supuni ya madzi pamlomo, koma madziwo anatsikira patsaya. Anamuitana dzina katatu. Maso anatseguka pang'ono n'kutsekekanso.

Anamubereka n'kuyenda wapansi mpaka pamlatho, pamene a kabaza amadikirira anthu. Che Bakali anali atatsamira njinga yake, akucheza ndi anzake. Atawaona anaimirira. Hidaya sanamukokere pambali monga ankaganizira masiku onse aja. Analankhula pomwepo, anthu akumva.

“Bambo a Shamima, dokotala uja sanalakwe. Ndinalakwa ndine. Tsiku la Idi ndinamumwetsa mankhwala katatu motsatizana, kupyola pamene anandilembera. Ndinkafuna adye mpunga ndi anzake.”

Che Bakali anamuyang'ana ngati sakumva Chichewa. Anzake aja anayamba kusuntha njinga zawo mmodzimmodzi.

“Tsiku la Idi,” anatero.

“Inde.”

“Lero ndi masabata atatu, make Shamima. Mwakhala mukudya nane mbale imodzi masabata atatu.”

Hidaya anangotembenuka kuti mwamunayo aone nkhope ya mwana kumbuyo kwake. Che Bakali anayang'ana, anagwira tsaya la mwanayo ndi kuseri kwa dzanja, kenaka anatembenuza njinga n'kumuuza kuti akwere.

Kuchipatala anamulandira mwanayo mothamanga. Mitsempha inali itabisala, moti namwino anabaya m'manja monse muwiri asanapeze polowetsa diripi paphazi. A Lusiya atafika anayang'ana buku, anaona tsiku limene anayenera kubwera litadutsa kalekale, ndipo anafunsa chimene chinachitika. Hidaya anafotokoza zonse, maso ali pansi. Dokotalayo anamvetsera mpaka kumapeto. Anati mankhwala aja amatha kupinda khosi la mwana ngakhale pa muyezo woyenera, ndipo kuwonjezera kunangokulitsa ngoziyo. Kenaka anafunsa, mosakalipa, chifukwa chake sanabwere naye tsiku lomwelo, popeza anamuuza kuti pali jekeseni amene akanamumasula mwanayo mphindi zochepa.

Che Bakali, amene anali ataima pakhomo, anafunsa kuti jekeseni wanji. A Lusiya anayang'ana mwamunayo, anayang'ana mkaziyo, ndipo anazindikira mochedwa kuti aulula chimene chinali chisananenedwe. Che Bakali anafunsa mkazi wake ngati ankadziwa zimenezi pamene anali kwa Shehe, mwana akulira maola anayi khosi lili chopindika. Hidaya anati ankadziwa. Mwamunayo anatuluka, ndipo sanaonekenso mpaka tsiku lotsatira.

Shamima anatsitsimuka tsiku lachitatu. Anamulowetsa kachubu m'mphuno kofika m'chifu, n'kumamudonthezera mkaka wa kuchipatala pang'onopang'ono kwambiri, kuti chifucho chisalemedwe. Poika kachubuko anachita kumugwira anthu atatu, ndipo anamumanga timanja ndi nsalu kuti asakazule. Shamima ankangoyang'ana mayi wake. Hidaya ankakhala pansi pambali pa bedi, akuyang'ana madontho akutsika.

Patatha sabata a Lusiya anawaitana makolo onse awiri mu ofesi. Anakhala pa benchi imodzi, pakati pawo pali malo okwana munthu wina. Dokotalayo anati sawanamiza: mankhwala ochiritsiratu matendawa kulibe, alipo ongothandiza chifu kukankha, ndipo ndi ochepa. Aja oyamba sangamupatsenso, chifukwa mwana amene anapindikapo khosi akhoza kupindikanso, ndipo akamwa nthawi yaitali kugwedezeka kwa nkhope kumatha kukhalirira. Achiwiri ndi domperidoni. Awa sakonda kupinda khosi, koma kwa anthu ena amasokoneza kagundidwe ka mtima, choncho amafuna kuyeza mtima ndi makina asanayambe ndiponso ali mkati momwa. Achitatu ndi eritiromaisini, mankhwala wamba ophera tizilombo, amene akaperekedwa pang'ono amadzutsa chifu. Vuto lake, thupi limawazolowera, ndipo pakatha masabata angapo mphamvu imatha. Nawonso amakhudza mtima, moti awiriwa saphatikizidwa.

Hidaya sanathe kusunga maina amenewo. M'mutu mwake anawatcha a khosi, a mtima, ndi otha mphamvu. Anafunsa ngati palibe achinayi. A Lusiya anati kumaiko ena madokotala amayesa njira zina, koma kuno chimene chatsala ndi kachubuko basi. Anawonjeza kuti ana ambiri amene matendawa anawayamba atatsegula m'mimba amachira okha, ena pakatha miyezi, ena chaka kapena ziwiri. Ntchito yawo inali yomusunga mwanayo wamoyo mpaka nthawi imeneyo, ngati idzafike.

“Akanakhala mwana wanu, mukanasankha ati?” anafunsa Che Bakali. Aka kanali koyamba kulankhula mu ofesimo.

“Ndikanayamba ndi achitatuwo. Tili nawo pano, ndipo tamuyeza mtima, uli bwino. Koma ndikanayamba ndikudziwa kuti adzandithera.”

Che Bakali anavomera. Kenaka ananena, akuyang'ana dokotala osati mkazi wake, kuti muyezo wake amuonetse iyeyo, ndipo botolo lizikhala ndi iye.

Zinakhaladi choncho atatuluka m'chipatala. Botolo ndi jekeseni woyezera zinkakhala m'kachikwama komangirira pansi pa chishalo cha njinga. M'mawa ankamumwetsa mwana asananyamuke. Masana ankasiya makasitomala pamlatho n'kupalasa kubwerera kunyumba, thukuta lili kamukamu, kudzayeza mankhwala, n'kubwereranso. Hidaya ankaima pambali atagwira kapu ya madzi. Ankalankhulana za mwana zokha: wamwa kangati, wasanza kapena ayi. Mwamunayo sanatchulepo za kutha kwa banja, ndipo sanamunyoze kwa abale. Ankangomuyang'ana m'manja nthawi iliyonse akayandikira pakamwa pa mwanayo.

Eritiromaisini anagwira masabata atatu. Kachubu kanachotsedwa, Shamima anayambanso kuyenda atagwira khoma, ndipo sikelo inakwera pang'ono. Sabata yachinayi anayamba kusiya phala m'kapu. Yachisanu Hidaya anamva kugeya kowawasa kuja ali panja akuyanika zovala, ndipo anakhala pansi pomwepo, chovala chonyowa chili m'manja. Anabwerera kuchipatala. A Lusiya anati apumitse mankhwalawo masabata awiri kuti thupi liwaiwale, ndipo pa masabata awiriwo kachubu kanabwerera m'mphuno. Atayambiranso, anagwira masiku khumi okha.

Anatsala a mtima. Anamumata Shamima timawaya pachifuwa, pamene nthiti zinkawerengeka zonse, makina n'kutulutsa pepala lalitali la mizere yokwera ndi kutsika. A Lusiya analiyang'ana nthawi yaitali, akuyeza ndi rula, asananene kuti angathe kuyesa. Kuyambira tsiku limenelo Hidaya anayamba chizolowezi choika khutu pachifuwa pa mwanayo akagona masana. Sankadziwa kuti mtima wosokonezeka umamveka bwanji. Ankangomvetsera, ndipo ukagunda mofulumira ankamudzutsa n'kumufunsa ngati akumva chizungulire, mpaka mwanayo anayamba kumukankha.

Domperidoni anachepetsa kusanza koma sanakuthetse. Shamima ankatha kusunga phala lamadzi ndi mkaka, koma chilichonse chotafuna chinkabwerera. Kachubu kanakhalabe, ndipo Hidaya anaphunzira kukasamala kunyumba, kusefa phala kawiri ndi kulikankha ndi jekeseni wamkulu pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Pulasitala yomatira kachubuko inamutupula mwanayo tsaya. Ana a pabwalo ankamutcha wa paipi, ndipo iye analeka kutuluka. Ku lesitilanti kunalowa wophika wina.

Mwezi wakhumi chiyambire matendawo, sikelo inaonetsa chimodzimodzi ndi mwezi wapitawo. A Lusiya anati kusatsikako ndi chinthu, koma sangamusunge mwana pa mankhwala a mtima mpaka kalekale. Analemba kalata yowatumiza kwa madokotala a ana ku Blantyre, kuti akaone ngati angamuike kachubu kodutsa chifu n'kukafika m'matumbo. Sanalonjeze kuti zikatheka. Che Bakali sakanatha kusiya njinga masabata osadziwika, choncho m'mawa wa ulendowo anamasula kachikwama kaja pansi pa chishalo n'kukapereka kwa mkazi wake pa siteji. Anamuonetsa mzere ndi chala, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti akuudziwa. Anamupsompsona mwanayo pamphumi, anawapezera malo a pawindo, ndipo anaima pamenepo mpaka minibasi inadzaza.

Pa Liwonde minibasi inaima kutsitsa anthu, ndipo ogulitsa malonda anazinga mawindo. Bambo wina anakweza chimanga chootcha pafupi ndi nkhope ya Shamima. Mwanayo anachitsatira ndi maso, kenaka anakoka mayi wake mpango kuti awerame.

“Amama, ndigulireni. Sindimeza. Ndingotafuna, ndilavula.”

Hidaya anagula. Anakonola njere zisanu n'kumuika m'kamwa, ndipo anatchera chikhatho pansi pa chibwano chake. Shamima anatafuna nthawi yaitali, maso atatseka, kachubu kakugwedezeka patsaya. Kenaka analavulira m'dzanja la mayi wake. Hidaya anamutsegula kukamwa ndi chala kuti aone ngati simunatsale kanthu, anataya zotafunidwazo pawindo, n'kukonola njere zina zisanu. Mayi amene anakhala nawo mpando umodzi anayang'ana kumbali. Minibasi inanyamuka, ndipo anapitiriza choncho mpaka chitsononkho chinayera mbali imodzi.